Chimbudzi cha Apongozi

Ndinakwatira mochedwa, imvi zitayamba kale kusuzumira m'mbali mwa makutu, ndipo ndinakwatira chikamwini m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, kumunsi kwa Maganga. Ntchito yanga inali yoperekera zakudya pa hotela ina kunyanjako. Ndinkavala zoyera kuyambira malaya mpaka buluku, ndinkadziwa mbali yoika foloko ndi yoika mpeni, ndipo ndinkadzimva kuti ndine munthu. Chakudya changa chinali zotsala za alendo: buledi woyera wopaka batala, soseji, mazira okazinga, nyama. Ndikafika kunyumba n'kupeza mkazi wanga waphika chigwada kapena khwanya, ndinkangotsina pang'ono mwaulemu, mumtima ndikuti masamba ndi a mbuzi.

Apongozi anga aakazi anali mayi wamasiye, wamtali, wa bondo limodzi lotupa limene ankalikoka poyenda. Ankagula usipa kwa asodzi n'kumauyanika pa thandala pafupi ndi nyumba yawo, ndipo tsiku lonse ankakhala pakhonde kuingitsa nkhuku ndi akhwangwala. Ine ndi iwo tinkaopana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Moni tinkapatsana chapatali, ine nditanyonyomala, iwo atayang'ana kumbali. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma mkazi wanga, ndipo ngati iye palibe ankauza nkhuku.

"Inu nkhuku, kauzeni akamwini kuti denga la khitchini likudontha."

Ine ndinkayankhanso nkhuku zomwezo, kuti zikawauze kuti ndamva, udzu ndimweta Loweruka. Tinkagwirizana bwino ndithu m'njira imeneyi, ndipo sitinakanganepo.

Chaka chimene kunabuka kolera, kunabwera lamulo lakuti khomo lililonse likhale ndi chimbudzi. Masiku amenewo lamulo sunkalifunsa kuti lachokera kuti. Achinyamata a chipani ankayendera makomo, kuona kadi ya chipani ndi kuona chimbudzi, ndipo wopezeka akudzithandiza kubango kapena kunyanja ankamuchititsa manyazi pagulu. Koma dothi la kumeneko ndi mchenga. Ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba yanga, linagumuka ndikadali momwemo. Ndinakumba lina, mvula yoyamba inalikwirira. Malo olimba pakhomo ponse anali amodzi okha, chulu cha kuseri kwa nyumba ya apongozi. Pamenepo ndinakumba, ndinamanga, ndinafolera, ndinaikanso chitseko cha matabwa a bokosi limene ndinapempha kuhotela. M'mudzi monsemo chimbudzi cha chitseko chinali chokhacho. Achinyamata anabwera, anasuzumira, anagwedeza mitu n'kupitirira.

Nditamaliza ndi pamene ndinazindikira chimene ndachita. Mkamwini salowa chimbudzi chimodzi ndi apongozi ake. Palibe amene amakukhazika pansi n'kukuuza zimenezi, umangokula nazo, monga mmene umadziwira kuti pa mphasa yawo sukhalapo. Chimbudzicho chinali pa dothi lawo, kuseri kwa nyumba yawo, ndipo njira yake inkadutsa pamphuno pa khonde lawo. Ndinangoti basi, chimenechi ndi chawo.

Ndiye ndinayamba kuphunzitsa mimba yanga ulemu. M'mawa ndinkakwera njinga n'kupalasa mpaka kuhotela, kumene kunali chimbudzi cha antchito, ndipo zonse zinkathera kumeneko. Tsiku lopuma ndinkangopirira mpaka m'mawa mwake. Kubango sindikanapita, chifukwa munthu wa malaya oyera kugwidwa ndi achinyamata aja kukanakhala kufa ndili moyo. Ndinachepetsa kumwa madzi. Nyemba ndi masamba ndinazisiyiratu, popeza zimafulumizitsa zinthu. Mkazi wanga sindinamuuze. Ndikanayambira pati? Tinali ndi ana awiri, tinkagona pa mphasa imodzi, koma nkhani ya kuseri inali isanatulukepo pakamwa pa aliyense wa ife.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinamva kuti achinyamata aja awagwira apongozi kubango. Chifukwa cha ukalamba wawo sanawayendetse m'mudzi, koma anawaimika pafupi ndi thandala lawo n'kuwadzudzula pamaso pa asodzi ndi ana, ngati mwana wokodza pogona. Mkazi wanga ndinamupeza maso ali ofiira. Ine ndinapsa mtima, koma osati ndi achinyamatawo. Mumtima ndinati, taonani nkhalambazi, ndawamangira chimbudzi cha chitseko, ine mwiniwake ndikuvutika, iwo akufunabe bango.

Zinayenda choncho kwa zaka ndithu, mpaka mimba inatopa nawo ulemu. Poyamba kanali kaululu ka kumanzere, m'munsi mwa mchombo, ngati munthu akukudina ndi chala osachotsa. Ndinkatha masiku osachita chimbudzi, kenako n'kutsegula m'mimba mosaletseka. Mimba inkafufuma ndi mpweya. Tangoganizani munthu wanyamula thileyi ya supu pakati pa alendo, nkhope ikumwetulira, m'munsimu muli nkhondo. Nthawi zina ndinkaona magazi, n'kufulumira kuyang'ana kumbali ngati si anga.

M'mawa wina sindinafike. Ndinali pakati pa njira, pafupi ndi kamtsinje kamene amayi ankachapirapo, pamene thupi linangodzitsegukira lokha ndili pa njinga. Buluku loyera lija. Ndinatsika, ndinagoneka njinga, ndinalowa m'madzi ndi zovala zomwe mpaka m'chiuno, n'kukhala momwemo. Mayi wina anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati inde, mayi, ndataya kiyi. Anafuna kundithandiza kufunafuna, ndinamukaniza mwaukali umene sanaulakwire. Ndinali bambo wa zaka zoposa makumi anayi, ndipo ndinalira ndili m'madzimo.

Pasanathe sabata thupi linatentha, ululu unafika poti sindikanatha kuwongoka. Ananditengera kuchipatala kuboma, ndipo kumeneko ananditumiza ku Lilongwe. Anandiika madzi a m'botolo, anandibaya majakisoni, anandiletsa kudya. Nditapezako bwino anandijambula m'mimba. Dokotala wake anali mwana kwa ine, koma anandifunsa mafunso amene ngakhale mayi anga ondibereka sanandifunsepo: kangati, cholimba bwanji, cha mtundu wanji. Ndinkayankha nditayang'ana zala za kumapazi.

Kenako anandifunsa ngati ndili ndi njinga. Ndinati ndili nayo.

"Ndiye mukudziwa chimene chimachitika tayala likatha," anatero. "Chubu chimatulukira pamene pafooka n'kupanga kotupa. Matumbo anu aakulu achita chimodzimodzi, bambo. Mwakhala mukukankha chimbudzi cholimba kwa nthawi yaitali, ndiye m'mbali mwake mwatuluka timatumba. Nyansi zikatsakamira m'katumba kamodzi, kamatupa n'kuchita mafinya. Ululu wa kumanzerewo ndi umenewo."

Anatchula dzina lake, daivetikulaitisi, ndipo ndinalibwereza mpaka linakhala pa lilime. Anati kwa anthu a kumudzi matendawa saonekaoneka, amawapeza kwambiri mwa azungu ndi anthu odya ngati azungu. Ndisaname, pamenepo kamtima kanga kananyadako pang'ono. Kunyadako kunatha atanena mankhwala ake. Timatumbato sitidzachoka, anatero, ndidzakhala nato mpaka kumanda, chofunika n'kusatiputa. Ululu ukayamba ndi kutentha thupi, ndisiye zolimba, ndimwe phala lamadzimadzi, ndithamangire kuchipatala. Koma masiku abwino ndizidya mgaiwa, nyemba, masamba, zipatso, ndizimwa madzi ambiri.

"Ndipo thupi likakuitanani, pitani nthawi yomweyo. Osasunga."

Ndinavomera ndi mutu. Za chulu ndi khonde sindinamuuze.

Nditabwerera kumudzi, anthu obwera kudzazonda ndinkawauza kuti anali malungo aakulu. Mkazi wanga ndinamuuza theka lokha: za timatumba ndi za mgaiwa, ndipo ndinamulumbiritsa kuti zisatuluke m'nyumba. Iye anamvera. Anatenga chimanga chosakonola n'kupita nacho kuchigayo, amayi onse akuona.

Amene sanakhaleko kumeneko sangamvetse kukula kwa nkhaniyi. Mgaiwa unali wa chaka cha njala, wa akaidi ndi ana a sukulu zogonera konko. Mkazi wolemekeza mwamuna wake ankakonola, n'kuviika mphale, n'kuyanika, kuti ufa uyere mbee. Kupatsa mkamwini mgaiwa, mkamwini wake wodwala, wogwira ntchito kuhotela, kunali ngati kumuuza kuti nyamuka uzipita kwanu. Amayi anayamba kunong'onezana pachitsime. Kenako anayamba kuphatikiza. Mwamuna waonda, mimba yatupa. Azakhali ake a mkazi wanga anali ataonapo magazi pa nsalu yanga pochapa. Mkaziyo amapita ku Khombedza kukagulitsa usipa wa amayi ake, nthawi zina n'kugona konko. Yankho linatuluka lokha: mdulo. Mkazi wayenda ndi mwamuna wina, wabwera n'kuthira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, wamudula.

Akuluakulu a pabanja anamuletsa mkazi wanga kuthira mchere m'ndiwo zanga, mwana wathu wamkazi ndiye ankathira. Ku Khombedza anamuletsanso. Akafika pachitsime, nkhani zinkaduka. Mkazi amene ankaseka mpaka kugwira m'nthiti anasanduka wongoyang'ana pansi. Tsiku lina akundipatsa madzi osamba m'manja anagwada nthawi yaitali osadzuka.

"Bambo, auzeni anthu zimene ananena adokotala."

"Ndikanene za m'chimbudzi pamaso pa amayi ako?"

"Ndiye ine ndife ndi dzina limeneli?"

Ndinamuuza kuti mphekesera ndi utsi, zitha zokha. Ndinkadziwa kuti ndikunama. Koma ndikaganiza zotsegula pakamwa, ndinkadziona ndili m'kamtsinje kaja. Ndinabwerera kuntchito, ndinabwereranso ku ulemu wanga wakale, ngakhale tsopano ndi mgaiwa ndi nyemba m'mimba kusungako kunali chizunzo chenicheni. Kumanzere kuja kunayambanso kudina.

Amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba, anaitanitsa bwalo la pabanja. Tinakhala m'mawa pansi pa mtengo wa mango pakati pa nyumba yanga ndi ya apongozi. Panali amalumewo, ankhoswe anga amene anachokera kwathu kumtunda, ndi amayi awiri achikulire olangiza. Mkazi wanga anamukhazika pansi pakati, miyendo atatambasula. Apongozi anakhala potero pakhonde pawo, atatipatsa msana, akusankha usipa m'lichero.

Amayi olangizawo sanazungulire. Anauza mkazi wanga kuti atchule mwamunayo kuti mankhwala apezeke, apo ayi mwamuna wake afa ndipo mlandu udzakhala pamutu pake. Iye anati palibe mwamuna. Anamufunsanso, anayankha chimodzimodzi. Ankhoswe anga anakwiya. Anati iwo sanabwere kudzamva zokanakana, ngati mkazi sakuulula anditenga tsiku lomwelo, ndikafere kwathu, ukwati uthere pomwepo. Ana athu anali atawathamangitsira kwa anansi, koma ndinkadziwa kuti dzina limene mayi wawo apatsidwe pamenepo adzakula nalo.

Amalume anatembenukira kwa ine. Anali munthu wofatsa, wosoka maukonde, wosakonda milandu.

"Akamwini, inu mwangoti chete. Kuchipatala anakuuzani chiyani? Paja amati matenda mubisa, maliro tidzamva."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Sanandiyang'ane, ndipo sanandipemphenso. Anali atalumbira kuti sanena, ndipo ngakhale pamenepo, ukwati ukutha, anasunga lumbirolo. Chimenecho ndicho chinandithyola. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a m'kamtsinje.

Kulankhula ndi amalume sindikanatha, apongozi ali pomwepo akumva. Kulankhula ndi apongozi sikukanatheka. Pafupi ndi thandala panali nkhuku zikutolatola mitu ya usipa. Ndinatembenukira kumeneko.

"Inu nkhuku," ndinatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina, "kauzeni apongozi kuti mwana wawo sanalakwe. Kauzeni kuti matenda anga ndi a m'matumbo."

Ndipo ndinanena zonse. Za timatumba, za chimbudzi cholimba ngati miyala, za magazi ndi kumene ankachokera. Ndinanena kuti mgaiwa ndinaupempha ndine, ndi mankhwala amene anandilembera dokotala. Mayi mmodzi wolangiza anaphimba pakamwa ndi nsalu. Ankhoswe anga ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango. Nditafika pamenepo ndinaona kuti chotsala n'chochepa, ndiye ndinamaliza: kuti chimangireni chimbudzi cha pachulu sindinalowemo, popeza ndi cha apongozi, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikusunga mpaka kuhotela.

Mkazi wanga anadzutsa mutu koyamba, n'kundiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Apongozi anaika lichero pansi. Sanatembenuke. Analankhula ndi mawu awo a masiku onse, aja ouzira nkhuku za denga.

"Inu nkhuku, kauzeni akamwini kuti m'chimbudzimo ine sindinapondemo ngakhale tsiku limodzi. Anakumba okha, anaika chitseko chawo. Ndinati ndi cha akamwini, munthu wa ntchito ya ukhondo sangamapite kubango. Ndinawasiyira."

Mkazi wanga ndiye anayamba kulira mokweza. "Ine ndimayesa mukudziwa, bambo! Ndimayesa mumalowamo m'mamawa musananyamuke!"

Amalume anayesa kudzigwira, koma analephera. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti manyazi anapha lambe, koma kuno akanapha awiri. Ankhoswe anga anaseka nawo, amayi olangiza aja anayamba kupepesa mkazi wanga, wina akumupukuta misozi ndi nsalu yake. Mlandu unathera pomwepo. Madzulo ake mkazi wanga anathira yekha mchere m'ndiwo, anthu akuona.

Ine sindinaseke. Ndinkaona njira ya kubango, mmene italikira, mchenga wake wotentha, ndi mayi wokalamba akukoka bondo lotupa m'menemo tsiku ndi tsiku, mvula ndi dzuwa, mozemba ana a chipani. Ndinakumbukira tsiku limene anawaimika pa thandala n'kuwanyoza pamaso pa asodzi. Akanatha kunena kuti chimbudzi chilipo koma ndi cha mkamwini. Sananene, anangoima n'kulandira. Ndipo ine tsiku limenelo ndinawatcha nkhalamba yosamva.

Anthu asanabalalike, mimba inandipotokola. Mwina anali mantha aja akutsika. Ndinayamba kumanga thupi monga mwa chizolowezi, kenako ndinakumbukira mawu a dokotala. Ndinaimirira, ndinadutsa pakati pa ankhoswe ndi amalume, ndinalowa njira yodutsa pakhonde. Nditayandikira, apongozi anatembenuzira nkhope kukhoma n'kuyamba kukalipira khwangwala amene panalibe. Ndinatsegula chitseko changa chija koyamba chikhomereni.

Sabata yomweyo amalume anandiphunzitsa chimene asodzi ena ankachita: kuluka nsungwi ngati nkhokwe n'kuilowetsa m'dzenje kuti mchenga usagumuke. Ndinakumba kuseri kwa nyumba yanga, ndipo chinalimba. Cha pachulu ndinatuma nkhuku kuti zikanene kuti tsopano ndi cha eni dothi. Ndinakhomamo mtengo m'mbali woti azigwira podzuka, chifukwa cha bondo lija.

Timatumba tanga ndili nato mpaka lero. Ndaphunzira kukhala nato ngati mmene umakhalira ndi mnansi wovuta: sumuputa, ndipo akayamba kung'ung'udza umamva msanga. Kumanzere kukadina ndimasiya zolimba, ndimamwa phala, thupi likatentha sindidikira mawa. Masiku ena onse ndi mgaiwa, nyemba, chigwada chomwe ndinkati n'cha mbuzi, ndi madzi. Adzukulu amandiseka kuti agogo akalowa m'nyumba ya eni amayamba afunsa kuseri asanafunse moni. Zoona, ndimafunsa, ndipo sindichita nazo manyazi.

Apongozi anagwiritsa ntchito chimbudzi cha pachulu kwa nyengo ziwiri zokha za mvula, kenako bondo linawagoneka, ndipo sanadzukenso. Mpaka kumwalira kwawo sitinayang'anane m'maso. Ndinkafuna kuwapepesa chifukwa cha tsiku la pa thandala lija, koma mawu ake sindinawapeze, ndipo zinali zoti nkhuku sizikanatha kunyamula. Pa maliro awo mkamwini ntchito yake ndi kumanda, ndiye ndinapita ndi khasu langa. Mchenga unkagumuka, ndipo ndinapempha anzanga kuti andisiye ndikonze ndekha m'mbali mwake.